Mmene mungakonzere malo opumirapo pamsewu kuti mashopu azisamalira chimbudzi

Amene mumayenda pa M1 pafupipafupi mukudziwa zimene zimachitika basi ikangodutsa Dedza, wina kumbuyo amayamba kukuwa kuti adalaiva tatiimikirani pang'ono, kondakitala n'kuyankha kuti dikirani tifike pabwino, ndipo pabwino pakepo ndi patchire basi, amayi mbali iyi abambo mbali iyo, mayi wina mwana ali kumsana uku akulimbana ndi chitenje uku akuyang'ana ngati palibe chitedze. Ine ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimapita ku Lizulu kukaoda kabichi ndi mbatatesi pafupifupi sabata iliyonse, nde zimenezi ndaziona mpaka kutopa nazo. Kuchoka Lilongwe kukafika Blantyre ndi makilomita opitirira 300, munthu sungayende mtunda wonsewo utagwira pamimba.

Kumanga chimbudzi sikuvuta, aliyense wa ndalama atha kumanga. Chimavuta ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi. Pali malo ena pamsewu womwewu, dzina ndisatchule, anamanga chimbudzi cha matailosi chokongola, galasi pakhoma, sopo wamadzi, ine tsiku loyamba kulowa ndinachita kujambula n'kutumizira mchemwali wanga pa WhatsApp. Chaka chisanathe ndinapeza loko wamkulu pachitseko, mlonda ali pampando wa pulasitiki wothyoka mwendo umodzi, anangoti "amayi pepani madzi anatidulira, zungulirani kuseriko." Kuseriko ndinazungulira, ndipo zimene ndinaona kumeneko zinandiuza kuti anthu mazana anauzidwa mawu omwewo ine ndisanabwere. Palibe anaba chilichonse pamalopo, kungoti panalibe amene anaganiza kuti bilu ya madzi azilipira ndani.

Nde nkhani yanga ndi imeneyi, ngati muli kukhonsolo, kapena muli mu komiti ya chitukuko kwanuko, kapena muli ndi malo m'mbali mwa msewu wa Salima kapena wa Mchinji ndipo mukuganiza zomangapo malo opumirapo apaulendo, lolani mabizinesi pamalopo ndipo lendi yawo ikhale ya chimbudzi, madzi, mlonda ndi zinyalala, phindu lizibwera pambuyo.

Nkhaniyi mayiko ena akhala akukangana nayo kwa zaka zambiri. Ku America lamulo la 1956 lomwe linayambitsa misewu yawo ikuluikulu ya Interstate linaletsa malonda pamalo opumirapo a misewu imeneyo, cholinga chinali kuteteza mabizinesi a m'matauni omwe ali pokhotera. Mu 1982 analola makina ogulitsa zakumwa ndi tizakudya, ndipo mwayi woyamba woyendetsa makinawo umapita kwa anthu osaona malinga ndi lamulo lawo lina la 1936. Misewu yolipiritsa yomwe inalipo kale ngati Pennsylvania Turnpike ili ndi malo odyera ndi omwetsera mafuta, koma kwina konseko boma limasamalira zimbudzi ndi ndalama za msonkho, nde mu 2009 chuma chitavuta zigawo za Virginia ndi Arizona zinangotseka malo awo ambiri. Mpaka pano ena amati lamulolo lisinthidwe, eni malo oimikapo mathiraki amakana poti makasitomala awathawa. Ku Japan anachita zosiyana, kuyambira 1993 ali ndi malo otchedwa michi-no-eki, pano aposa 1,000, poimika galimoto ndi chimbudzi ndi zaulere usana ndi usiku, pomwepo alimi a m'deralo akugulitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso zawo. Amene munapitako ku Joni pa basi mwaona ma Shell Ultra City ndi ma Engen 1-Stop pa N1, amenewo ndi a makampani a mafuta. Kwa ife kuno ya ku Japan ndiyo ikufanana ndi moyo wathu, chifukwa malonda a m'mbali mwa msewu tili nawo kale, pa Lizulu, pa Tsangano turn-off, pa Jenda, chosowa ndi dongosolo chabe.

Ena amati bwanji ndalama za pa tollgate osamangira zimenezi. Ya pa Chingeni inatsegulidwa mu November 2021, ya pa Kalinyeke mu January 2022, ndalamazo amatolera a Roads Fund Administration ndipo ntchito yake ndi kukonza misewu. Maenje ali m'misewu yathuyi mukuwadziwa, ine sindingadikire kuti ndalama imeneyo itsale yogulira sopo.

Yambani ndi madzi, osati pulani ya nyumba. Malo opanda madzi odalirika asiyeni ngakhale ali pabwino bwanji. Ngati paipi ya water board ikufika, ikani thanki yoti isunge madzi a masiku awiri kapena atatu, ngati sikufika kumbani mjigo muike pampu ya sola, ndipo funsani amayi a m'mudzi wapafupi ngati zitsime zawo zimaphwa mu October ndi November, iwowo akuuzani zoona kuposa wokumba mjigo amene akufuna kontirakiti.

Kenako mapepala. Msewu waukulu uliwonse uli ndi malo ake m'mbali omwe amati road reserve, mwini wake ndi boma kudzera ku Roads Authority, mukamanga shopu m'menemo tsiku lina mudzapeza X wofiira pakhoma. Pitani kukawafunsa malire ali pati komanso akuvomerezeni polowera ndi potulukira magalimoto. Kukhonsolo ya boma lanu kukatengeni chilolezo chomangira ndi ziphaso za malonda, ngati malowo ndi a makolo khalani pansi ndi amfumu ndi eni banja lonse, osati m'bale mmodzi amene wakumana nanu kumowa, ndipo zilembedwe. Ngati mudzafuna filling station imeneyo ndi nkhani ina ya MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, ndi a zachilengedwe a MEPA, ine ndinganene kuti musayambe nayo, imadya ndalama zambiri.

Malowo asakhale pakona kapena pamwamba pa chitunda pomwe dalaiva sakuona kutsogolo. Basi ilowe yonse ichoke pa tala, thiraki ya ngolo ithe kukhota osabwerera m'mbuyo. Vuto la misika yathu ya pamsewu ndi lomweli loti minibasi imaima theka lili pamsewu, mavenda n'kuthamangira mazenera atasenza mabeseni a tomato, galimoto ina ikubwera pa liwiro, mtima umachita kuima. Mabenchi a malonda aikeni mkati kumbuyo kwa poimika magalimoto kuti munthu asamadumphe msewu ndi beseni pamutu.

Tsopano masamu, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa amayamba kuwerenga kuti mashopu adzabweretsa zingati. Yambani kwinaku. Lembani zonse zimene malowo adzadye pa mwezi, osesa osachepera awiri chifukwa mmodzi sangagwire usana ndi usiku komanso amadwala, alonda, sopo, kolorini, mabulashi, magolovesi, tishu, bilu ya madzi kapena kukonzetsa pampu, mayunitsi a ESCOM kapena mabatire a sola omwe amafa pakatha zaka zingapo, kupopa septic tank, kutaya zinyalala, mipope yothyoka ndi maloko, ndipo mipope imathyoka kwambiri kuposa mmene mukuganizira, anthu amaipotokola ngati ali nayo chifukwa. Zinthu zomwe zimachitika kamodzi pachaka monga kupenta ndi kupopa zigaweni pa 12 zilowe mu bajeti ya mwezi.

Tingoyerekeza kuti zonse zakwana K1,000,000 pa mwezi, nambalayi ndangoika kuti masamu aphweke, yanu idzakhala ina. Onjezanipo K200,000 ya padera yosunga, zakwana K1,200,000. Imeneyi ndiye ndalama yoti lendi ibweretse zivute zitani. Mutha kugawa chonchi, wa resitilanti yemwe ali ndi malo aakulu komanso amagwiritsa ntchito madzi ambiri alipire K600,000, mashopu anayi ang'onoang'ono K100,000 iliyonse ndi K400,000, mabenchi 20 a amayi a zamasamba ndi zipatso K500 pa tsiku, muwerengere masiku 20 okha pa mwezi chifukwa kuli maliro, kuli mvula, kuli masiku oti munthu alibe katundu, imeneyo ndi K200,000. Zakwana. Ngati mwawerenga n'kupeza kuti pamafunika mashopu 15 kuti mukwanitse pomwe magalimoto oima patsiku ndi ochepa, chepetsani nyumbayo, mangani zimbudzi zochepa zosavuta kusamala, osakweza lendi mpaka anthu kuthawa.

Musanamange khalani pamalopo sabata imodzi ndi kope, muziwerenga mabasi, maminibasi, mathiraki ndi magalimoto ang'ono ola lililonse, Lachisanu ndi Lamlungu mulembe padera. Zikumveka zachibwana koma kope limenelo ndi lomwe mudzaonetse wa resitilanti pokambirana lendi.

Nanga mulowetse ndani? Munthu wotsika basi ali ndi mphindi 15 kapena 20, amafuna chimbudzi, madzi akumwa, chakudya choti anyamule, mayunitsi, pena kutapa ndalama. Nde chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya, tiyi ndi mandasi, golosale, ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, womata matayala, ndi mabenchi a zokolola za m'deralo. Wogulitsa masofa kapena ma TV pamenepo adzalephera lendi mwezi wachitatu. Ma golosale atatu ogulitsa zinthu zofanana musalole, onse adzafa limodzi n'kukusiyani ndi ngongole. Mowa ine ndikukana, ndikudziwa kuti bala ndi imene ingalipire lendi yambiri mosavuta koma mukumanga malo oti dalaiva apume ayendetse bwino, simungamugulitsenso kachasu wa m'botolo pomwepo, komanso bala ikangobwera amayi apaulendo usiku amasiya kutsika.

Mavenda omwe analipo kale pamalopo muwapatse mabenchi oyamba. Izi si zachifundo chabe, mukawasiya kunja adzaima pageti n'kumagulitsa motchipa poti salipira kanthu, makasitomala onse n'kuthera panja, a mkati n'kuyamba kukana kulipira. Ndi dandaulo lomwe lija la ku America loti malo opumirapo alanda malonda a ena, kwathu kuno ndi trading centre yapafupi imene ingadandaule, nde kambiranani nawo poyamba, ena mwa iwo ndi amene atenge mashopuwo.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale wotenga shopu ndi mlamu wanu, makamaka akakhala mlamu wanu. Mulembe tsiku lolipira, dipoziti ya miyezi iwiri, maola otsegula, ndani asesa kutsogolo kwa shopu, mafuta a chiwaya atayidwa kuti, ndi chimene chidzachitike munthu akalephera miyezi iwiri. Mulembenso kuti lendi idzaunikidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kumbukirani November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, sopo ndi kolorini zinakwera pompo, amene anasainirana lendi yosasintha ya zaka zitatu analira. Wa resitilanti mum'patse zaka zingapo kuti alimbe mtima kugula mafiriji, koma mtengo wokha uzisuntha.

Ndalama yosamalira malo ikhale ndi akaunti yakeyake. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ikangolowa m'thumba limodzi ndi ndalama zina za khonsolo kapena za mwini malo, idzapita ku mafuta a galimoto, ku alawansi ya msonkhano, ku fizi ya mwana, osesa n'kukhala miyezi itatu osalandira ndipo munthu wosalandira sakolopa. Osainira akhale atatu, wa eni malo, woimira a mashopu ndi woimira amayi a mabenchi, awiri asaine ndalama isanatuluke. Lendi ilowe kudzera pa foni kapena kubanki kuti pakhale umboni, ya mabenchi ya tsiku ndi tsiku ikhale ndi matikiti a manambala ndipo wodula tikiti asakhale yemweyo wowerenga ndalama madzulo. Kutha kwa mwezi matani pepala pakhoma, zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti. Mayi wogulitsa anyezi akaona kuti K500 yake inagula mpope watsopano mawa amalipira osakokana, koma akaona msungichuma wagula njinga yamoto chimbudzi chikununkha, iwalani. Dongosolo la kalipiridwe likhale lodziwika, oyamba osesa ndi alonda, kenako madzi ndi magetsi, kenako sopo ndi zokonzera, kenako ya padera ija, chotsala ndiye mwini malo kapena khonsolo itenge.

Funso lomwe anthu amandifunsa ndikamakamba izi mu minibasi ndi loti chimbudzicho chizikhala cholipira kapena ayi. Ine ndimati chaulere. Ndikudziwa m'tauni muno tinazolowera kulipira pakhomo n'kupatsidwa katishu kopinda kawiri, koma pamsewu mayi ali ndi ana atatu, ndalama yatsala ya kabaza akatsika ku depoti, mukamuuza kuti alipire anthu anayi adzapita nawo kuseri kwa mpanda, mvula ikagwa zonsezo zikutsikira komwe kuli mjigo wanu ndi mabenchi a tomato. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri mpaka sukulu zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023, sitikufuna kuiitananso chifukwa cha ndalama ya pakhomo. Komanso chimbudzi chaulere chaukhondo ndi chimene chimaimitsa basi, basi ikaima ndi pamene wa tchipisi amagulitsa, nde wa tchipisi akamalipira lendi akulipira chinthu chomwe chikumubweretsera makasitomala. Cholipiritsa chikhale bafa la madzi otentha la madalaiva a mathiraki ndi malo ogoneka thiraki usiku, amenewo amalipira mosanyinyirika bola pakhale mlonda weniweni, magetsi owala ndi mpanda, chifukwa kuopa kwawo ndi kupopedwa dizilo kapena kung'ambiridwa tenti ali mtulo.

Madalaiva a mabasi musawaiwale. Mutha kumanga malo okongola ngati hotela koma dalaiva akapanda kukhota palibe chanu. Pitani ku depoti mukacheze nawo, afunseni amakonda kuima pati ndipo chifukwa chiyani, lankhulani ndi makampani a mabasi kuti malo anu alowe pa ndondomeko yawo. M'malo ambiri dalaiva ndi kondakitala amapatsidwa chakudya akabweretsa basi yodzaza, zimenezo muzikambirane poyera ndi wa resitilanti zilowe m'masamu ake, asamadzadandaule pambuyo pake. Zikwangwani ikani patali ndithu mbali zonse ziwiri kuti woyendetsa aone nthawi ikadalipo, osati chikwangwani chili pageti penipeni munthu wadutsa kale.

Pa kamangidwe ndingonena zochepa zomwe ndaona ndi maso. Zipinda za amayi zichuluke kuposa za abambo, basi ikaima mzere wa amayi umafika panja abambo atabwerera kale m'basi, kondakitala akuimba hutala. Muikemo ndowa yotayamo mapadi ndi matewera a ana, apo ayi zonsezo zilowa m'paipi n'kutseka. Chipinda chimodzi chikhale chotakasuka chopanda masitepe cha agogo ndi anzathu oyenda pa njinga ya olumala. Posamba m'manja pakhale panja poonekera, anthu amasamba akamaonedwa. Ndipo ngakhale mumange zogejemula, kumbuyo kumbaniko chimbudzi chokumba chabwino cha silabu ndi paipi yotulutsa mpweya, kutali ndi mjigo komanso kumunsi kwake, tsiku lomwe pampu yafa mudzatsegula chimenecho m'malo mopachika loko.

Osesa asamadikire m'mawa ndi madzulo, akolope basi iliyonse ikanyamuka chifukwa anthu 60 kulowa mphindi 15 chimbudzi chimasintha nkhope. Kuseri kwa chitseko kukhale pepala losainapo nthawi, ndipo woyang'anira azilowa yekha kukaona, osangofunsa kuti mwakolopa. Sopo wa mtanda amayenda, m'mangirireni pa chingwe kapena ikani wamadzi m'botolo lokhomera kukhoma. Migolo ya zinyalala ikhale pomwe basi imaima, zowola za kumabenchi monga masamba a kabichi zipite kudzala la manyowa kapena kwa oweta nkhumba omwe amabwera okha kudzatenga, mabotolo apulasitiki asonkhanitseni padera alipo ogula.

Miyezi ya January ndi February malonda amagwa, anthu ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, apaulendo amagula madzi okha, a mashopu adzabwera kudzapempha kuti lendi idikire. Ya padera ija ndi ya nthawi imeneyi. Nthawi yokolola ndi ya Khrisimasi ikamalowa yambiri musaigawane, isiyeni mu akaunti mpaka ikwane yoyendetsera malowo miyezi itatu popanda lendi, ndipo septic tank ipopeni mu October mvula isanayambe, galimoto yopopa ikadatha kufika kuseriko osatitimira.